Buku la 1623 m'bokosi lagalasi: mmene yunivesite imafikitsira zolembedwa zakale kwa anthu wamba

Buku likatsegulidwa n'kuikidwa m'bokosi lagalasi, munthu wobwera kudzaliona amaona masamba awiri okha. First Folio, buku lalikulu la masewero a William Shakespeare lomwe lidasindikizidwa ku London mu 1623, lili ndi masamba pafupifupi 900. Ndiye kuti mlendo amene waima pamzere kwa theka la ola amabwerera kwawo ataona masamba awiri, ena onsewo ali chitsekere. Apa ndi pamene pagona vuto la ntchito imene mayunivesite amaitcha outreach, yomwe ndi kutulutsa zimene akatswiri akudziwa m'kalasi n'kuzifikitsa kwa aphunzitsi a sekondale, ana asukulu, ochita zisudzo ndi wina aliyense wa m'dera. Bukulo ndi nyambo chabe. Chimene anthu angatenge popita kwawo chimachokera ku zochitika zimene zakonzedwa pambali pake.

Akatswiri a mbiri ndi zolembalemba za ku Ulaya amatcha nyengo yoyambira cha m'ma 1500 kufika cha m'ma 1700 kuti early modern. Ndi nyengo imene makina osindikizira mabuku adafala, mpingo udagawikana, ndipo nyumba zazisudzo zolipiritsa pakhomo zidayamba kumangidwa ku London. Chingerezi cha nthawiyo munthu wa lero akhoza kuchimva ndithu, koma kalembedwe ka mawu, maonekedwe a zilembo ndi kawerengedwe ka masiku n'zosiyana kwambiri moti wopanda womulondolera amatayika msanga.

Chitsanzo chachikulu cha ntchitoyi chidachitika ku America mu 2016, patatha zaka 400 Shakespeare atamwalira. Folger Shakespeare Library ya ku Washington, yomwe imasunga makope 82 a First Folio, idatulutsa makope 18 n'kuwayendetsa m'zigawo zonse 50 za dzikolo, kuphatikizaponso mzinda wa Washington ndi Puerto Rico. Malo ambiri olandira bukuli adali mayunivesite ndi nyumba zosungiramo zinthu zakale. Pamalo aliwonse buku linkakhala milungu itatu kapena inayi, litatsegulidwa pa sewero la Hamlet pamene pali mawu aja akuti "To be, or not to be". Ulendowu udayambira m'malo monga University of Notre Dame ndi University of Oregon, ndipo ku Washington bukuli lidaonetsedwa pa Gallaudet University, sukulu ya anthu osamva, kumene zochitika zinkachitika m'chinenero chamanja.

N'chifukwa chiyani buku limeneli, osati lina? Anzake awiri a Shakespeare a m'gulu lake lazisudzo, John Heminges ndi Henry Condell, adasonkhanitsa masewero 36 patatha zaka 7 mwini wake atamwalira. Masewero 18 mwa amenewo adali asanasindikizidwepo, kuphatikizapo Macbeth, Julius Caesar, The Tempest ndi Twelfth Night. Pakadapanda bukuli, mwina bwenzi aliyense amene adawerengapo Macbeth kusekondale alibe chowerenga. Akatswiri amayerekeza kuti padasindikizidwa makope pafupifupi 750, ndipo odziwika kuti alipo lero ndi pafupifupi 235. Limodzi lidagulitsidwa ku New York mu 2020 pa mtengo wa madola pafupifupi 10 miliyoni.

Zofunika kuti mubwerekedwe buku

Mtengo umenewo ndi umene umalamulira zonse zoyambirira. Yunivesite yofuna kubwereka imayamba kulemberana ndi mwini buku kudakali chaka chathunthu kapena kuposerapo, ndipo chikalata choyamba chimene amapempha si ndondomeko ya zokambirana, koma lipoti la nyumba. Lipotilo limafotokoza makoma ndi denga, zitseko zonse zolowera m'chipinda, amene amasunga makiyi, zozimira moto, alonda a usiku, komanso kaundula wa kutentha ndi chinyezi cha m'chipindacho kwa miyezi ingapo yapita. Ambiri amagwera pa kaundulayu. Amayamba kuyeza chinyezi sabata imodzi asanatumize pempho, pamene wobwereketsa akufuna kuona mmene chipindacho chimakhalira nyengo ikasintha, makamaka usiku ndi kumapeto kwa sabata pamene makina oziziritsa kapena otenthetsa amazimitsidwa pofuna kupulumutsa magetsi.

Muyeso umene anthu osamalira mabuku amatsatira ndi kutentha kwa madigiri 18 mpaka 21, ndi chinyezi cha pakati pa 45 ndi 55 peresenti. Choopsa kwambiri si kuphonya nambala pang'ono, koma kukwera ndi kutsika kwa chinyezi tsiku limodzi. Chikopa cha pachikuto, pepala ndi ulusi wosokera zimafufuma ndi kufota mosiyana, ndiye zikamatero mobwerezabwereza chikuto chimapindika ndipo msana wa buku umang'aluka. Chinyezi chikapitirira 65 peresenti kwa masiku angapo, chuku chimayamba. N'chifukwa chake pansi pa bokosi lagalasi pamakhala kabati kobisika koikamo silica gel, timibulu timene timayamwa chinyezi chikachuluka n'kuchibweza chikachepa. Buku likafika silitulutsidwa nthawi yomweyo. Limasiyidwa m'bokosi lomwe labweramo kwa maola 24 kuti lizolowere mpweya wa m'chipindacho, ndipo amene amalitulutsa ndi munthu wa ku laibulale yobwereketsa amene wayenda nalo. Iyeyo pamodzi ndi wolandira amayang'ana buku mbali zonse, n'kulemba banga lililonse ndi pong'ambika paliponse, kenako onse awiri amasaina. Pobweza amachitanso chimodzimodzi.

Kuwala kumayezedwa m'ma lux, ndipo malire a pepala lakale ndi 50 lux. Kumeneku n'kuwala kochepa, moti anthu ochokera padzuwa amadandaula kuti m'chipinda muli mdima. Mankhwala ake si kuwonjezera magetsi, koma kuwadutsitsa kaye m'kakhonde kamdima pang'ono kuti maso azolowere. Kuwonongeka kochokera ku kuwala kumaunjikana ndipo sikubwezeka. Maola 8 patsiku pa 50 lux kwa masiku 28 ndi ma lux-hour 11,200 pa masamba awiri omwewo. Inki yosindikizira ya nthawiyo, yopangidwa ndi mwaye ndi mafuta a linseed, siifufuluka msanga. Chimene chimavutika ndi pepala, lomwe linkapangidwa ndi nsanza za bafuta, komanso mawu amene eni buku akale adalemba pamanja m'mphepete.

Buku silitsegulidwa kuti ligone chafulati. Limakhazikidwa pa chotengera chopangidwa molingana ndi kukula kwake ndi tsamba limene litsegulidwe, kuti mbali ziwirizo zipange ngodya ya madigiri 90 mpaka 120, ndipo masamba amagwiridwa ndi timalamba ta pulasitiki yoonekera mkati. Zoti ogwira mabuku akale azivala magolovesi oyera n'zapakanema. Munthu wovala magolovesi samva bwino pepala m'zala, ndiye amakoka ndi kung'amba ngodya za masamba. Malaibulale akuluakulu amati manja akhale osamba ndi ouma basi.

Za chitetezo, phunziro lidachokera ku Durham University ku England. Kope lawo la First Folio lidabedwa pa chionetsero mu 1998. Lidaonekeranso mu 2008 pamene munthu wina adapita nalo ku Folger kuti akaliyese ngati ndi lenileni, litachotsedwa chikuto ndi masamba ena ofunika pofuna kubisa kumene lidachokera. Akatswiri adalizindikirabe, ndipo lidabwerera kwawo mu 2010 lili lopunduka chotero.

Mapepala atatu a A4

Zonsezi zimangoteteza buku. Sizinaphunzitse munthu kanthu. Chochitika chimene chimaphunzitsa kwambiri, ndipo chotsika mtengo kuposa zonse, chimafuna mapepala atatu a A4 ndi pensulo pa munthu aliyense.

Aliyense apinde pepala lililonse pakati kamodzi, kenako alowetse mapepala atatuwo limodzi mkati mwa linzake ngati kabuku. Akatero alembe manambala a masamba kuyambira 1 mpaka 12, n'kuwapatulanso mapepalawo. Adzaona kuti pepala lakunja lili ndi 1 ndi 12 mbali imodzi, 2 ndi 11 mbali inayo. Lapakati lili ndi 3 ndi 10, kuseri 4 ndi 9. Lamkati lili ndi 5 ndi 8, kuseri 6 ndi 7. Umu ndi mmene First Folio idapangidwira m'nyumba yosindikizira ya William Jaggard ndi mwana wake Isaac. Cholakwika chimene chimachitika kawirikawiri n'chakuti anthu amalemba manambala asanalowetse mapepala, ndiye wotsogolera ayenera kuyendera tebulo lililonse asanalole aliyense kugwira pensulo.

Tsopano funso kwa gulu likhale ili: ngati zilembo zachitsulo zimasanjidwa chimodzichimodzi pamanja, ndipo masamba awiri a mbali imodzi ya pepala ayenera kudindidwa nthawi imodzi, muyambira pati? Mukayambira pa 1 n'kumapita motsatana, simungadinde kalikonse mpaka mutamaliza tsamba 7, ndipo zilembo zanu zambiri zikhala zitamangika m'masamba 7 odikira. Osindikizawo adalibe zilembo zochuluka chotero. Choncho ankayambira pakati, pa 6 ndi 7, kenako 5 ndi 8, kenako 4 ndi 9, mpaka kumalizira pa 1 ndi 12. Akadinda masamba awiri ankamasula zilembo n'kuzibwezera m'mabokosi kuti zigwirenso ntchito.

Kuti ayambire pa tsamba 6, ankayenera kuyerekezeratu pa zolemba pamanja kuti mawu odzadza masamba 1 mpaka 5 athera pati. Kuyerekezaku kukaphonya, wosanja zilembo ankafika pa tsamba lomaliza ali ndi mawu ambiri kuposa malo, kapena malo ambiri kuposa mawu, pamene masamba oyandikana nalo adadindidwa kale. Ndiye ankapanikiza: kufupikitsa mayina a olankhula, kuchotsa mipata, ngakhale kusanja ndakatulo ngati nkhani wamba kuti mizere ichepe. Malo akachuluka ankadula mzere umodzi pawiri. Apatseni anthu ndime ya mizere 60 yolembedwa pamanja, muwauze kuti ayerekeze pamene mzere 25 wa pepala lawo ufike asanayambe kukopera, ndipo mkati mwa mphindi 20 aliyense akhala atachita yekha chinyengo chomwecho chimene osindikiza a 1623 ankachita. Akabwerera pa bokosi lagalasi lija amayang'ana tsamba ndi maso ena. Gulu lisapitirire anthu 20 pa wotsogolera mmodzi, ndipo zonse zimatenga mphindi 45.

Apa m'pamenenso nkhani ya Charlton Hinman, katswiri amene adafufuza kasindikizidwe ka bukuli, imalowa bwino. Osindikiza ankakonza zolakwika makina ali mkati modinda, ndipo mapepala odindidwa kale ndi zolakwikazo sankatayidwa chifukwa pepala lidali lodula, lochokera ku France. Zotsatira zake n'zakuti palibe makope awiri ofanana ndendende. Hinman adapanga chipangizo cha magalasi ndi magetsi chimene chimaonetsa tsamba lomwelo la makope awiri mosinthanasinthana mofulumira, moti pamene pali kusiyana pamaoneka ngati pakuphethira. Adayerekeza makope oposa 50 a ku Folger n'kupeza kusiyana m'malo pafupifupi 500, ndipo zotsatira zake zidatuluka mu 1963. Mlendo watcheru angapatsidwenso ntchito yowerenga mayina a masewero pa tsamba la zamkatimu. Apeza 35, osati 36, chifukwa Troilus and Cressida idalowetsedwa mochedwa tsambalo litadindidwa kale.

Kuwerenga zolemba pamanja

Mtundu wina wa zochitika ndi umene anthu wamba amathandiza nawo kafukufuku weniweni. Malaibulale ali ndi makalata, mabuku a maphikidwe ndi mankhwala, ndi zikalata za ngongole zambirimbiri zimene zidajambulidwa koma palibe adazikopera, ndiye sizingafufuzidwe pa kompyuta. Folger idatsegula ntchito ya Shakespeare's World pa Zooniverse, tsamba la intaneti limene anthu wamba amathandizirapo kafukufuku, mu 2015 kuti aliyense wa intaneti azikopera, ndipo mawu ena amene anthu adapeza adathandiza akonzi a Oxford English Dictionary kudziwa kuti adayamba kugwiritsidwa ntchito kale kuposa mmene ankaganizira. Mayunivesite ambiri amachita zomwezi tsiku limodzi m'chipinda cha makompyuta, ndipo amazitcha transcribathon.

Ola loyamba liyenera kupita ku zilembo zokha. Kalembedwe kofala ku England nthawi imeneyo, kotchedwa secretary hand, kali ndi misampha yodziwika. Chilembo e chimalembedwa chotembenuka moti chimafanana ndi o. Chilembo c chimaoneka ngati r wa lero. Mchira wa h umatsikira pansi pa mzere. Pali s wamtali amene ongoyamba kumene amamuwerenga ngati f. Zilembo u ndi v zimasinthana, chimodzimodzinso i ndi j, moti "vpon" ndi upon ndipo "iuyce" ndi juice. Mawu ooneka ngati "ye" kawirikawiri ndi the, chifukwa y ameneyo ndi chilembo chakale choimira th. Manambala achiroma amathera ndi j, ndiye "iij" ndi 3. Ndalama zimalembedwa li, s ndi d, kuimira mapaundi, mashiling'i ndi makobiri.

Cholakwika chachikulu si kulephera kuwerenga, koma kukonza. Munthu wophunzira bwino akaona "phisick" dzanja lake limalemba physic lokha osadziwa, ndipo akatero wafafaniza umboni umene wofufuza mbiri ya chinenero amaufuna. Lamulo likhale lakuti mulembe chimene mukuona, ndipo pamene simukutha kuwerenga muike chizindikiro chogwirizana m'malo mongopeka. Tsamba lililonse likoperedwe ndi anthu atatu osaonerana, kenako munthu wodziwa ayerekeze. Atatuwo akakhala tebulo limodzi n'kumafunsana, onse amatengera kulakwitsa kwa amene amalankhula kwambiri, ndipo kugwirizana kwawo kulibe tanthauzo. Msampha wina ndi wa madeti. Ku England chaka chinkayamba pa 25 March mpaka kalendala itasinthidwa mu 1752, choncho kalata ya pa 10 February 1622 ndi ya 1623 m'kawerengedwe kathu. Wokopera alembe 1622 monga zilili, ndipo kumasulirako kupite m'bokosi la ndemanga.

Masamba a maphikidwe ndi abwino kuyambira kuposa makalata a milandu, chifukwa mawu monga "take", "boyle" ndi "pound" amabwerezedwa, ndipo munthu akawazindikira kamodzi amakhala wapeza zilembo 10 zoyerekezera pena paliponse. Chimene okonza ambiri amaiwala ndi nthawi ya woyerekeza. Tsiku limodzi la anthu 40 limabala ntchito yoyang'ana ya milungu ingapo, ndipo ngati palibe amene walipidwa kuti aichite, zokoperazo zimangogona mu kompyuta. Anthu amene adataya Loweruka lawo osaona zotsatira sabweranso chaka chamawa.

Aphunzitsi, zisudzo ndi kuwerengera phindu

Mphunzitsi mmodzi wa sekondale amafikira ana mazana pachaka, ndiye msonkhano wa aphunzitsi 30 umaposa nkhani yapoyera ya pulofesa yomvedwa ndi anthu 300. Koma umalephera pamene waikidwa mkati mwa sabata popanda ndalama yolipira wowagwirira kalasi, kapena pamene akatswiri asankha sewero limene iwo akulifufuza m'malo mwa limene lili pa silabasi. Aphunzitsi amafuna chinthu chimene angalowe nacho m'kalasi Lolemba. Chimodzi chotere ndi kuika pambali pa mnzake masindikizidwe awiri akale a mzere umodzi. Mu Hamlet yosindikizidwa mu 1603 mawu otchuka aja akuti "To be, or not to be" amapitirira kuti "I there's the point", pamene mu First Folio ndi "that is the Question". Ana akafunsidwa kuti n'chiti chimene Shakespeare adalemba, amazindikira okha kuti buku la m'manja mwawo lidadutsa m'manja mwa mkonzi amene adasankha.

Pa zisudzo, njira yothandiza ndi kubwerera ku mmene osewera a nthawiyo ankalandirira mbali zawo. Munthu sankapatsidwa sewero lonse. Ankalandira mawu ake okha, ndi mawu awiri kapena atatu omaliza a womutsogolera monga chizindikiro choti alowe. Lembani gawo limodzi motero, mugawire anthu 6 osawauza nkhani yake, ndipo muona kuti aliyense akumvetsera mnzake ndi makutu onse chifukwa sakudziwa kuti chizindikiro chake chibwera liti. Njirayi siidalira Chingerezi. Imagwiranso ntchito pa Romeo and Juliet ya m'Chichewa imene Stanley Onjezani Kenani adamasulira.

Mayunivesite sachita zonsezi chifukwa cha chifundo chokha. Ku Britain, zina mwa ndalama za kafukufuku zimagawidwa potengera kauniuni wotchedwa Research Excellence Framework, ndipo gawo loona mmene kafukufuku wakhudzira anthu kunja kwa yunivesite lidali 20 peresenti ya malikisi mu 2014, n'kukwera kufika 25 peresenti mu 2021. Kauniuniyu safuna chiwerengero cha anthu olowa pakhomo chokha, amafuna umboni wa chimene chasintha. Kapepala kofunsa kuti "mwasangalala?" sikathandiza, pakuti aliyense amayankha kuti inde pochita ulemu. Umboni wogwira mtima ndi kubwerera kwa aphunzitsi aja patatha miyezi 6 n'kuona ngati adasintha kaphunzitsidwe, ndipo zimenezi zimafuna kuti chilolezo chowalemberanso chitengedwe tsiku la msonkhano lomwelo.

Pamene buku lenileni palibe

Mayunivesite ambiri padziko sangakwanitse inshulansi ndi zofunika za nyumba zija. Mu Africa muno kope lodziwika lili ku Cape Town, mu National Library of South Africa, ndipo lidabwera ndi mabuku amene Sir George Grey, yemwe adali bwanamkubwa wa dera la Cape, adapereka. Koma pa zonse zafotokozedwazi, chimene chimafuna buku lenileni ndi bokosi lagalasi lokha. Kupinda mapepala, kukopera ndi kusewera zimatheka ndi zithunzi, ndipo makope angapo adajambulidwa tsamba ndi tsamba n'kuikidwa pa intaneti kwaulere.

Posindikiza zithunzizo samalani kukula. Tsamba la First Folio ndi lalitali pafupifupi masentimita 33 ndi 21 m'lifupi, kutalikirapo pang'ono kuposa A4, ndiye masamba awiri oyang'anizana amakwana pa A3 atachepetsedwa pang'ono. Mukawapanikiza pa A4 imodzi, s wamtali ndi f sizisiyanitsikanso. Sindikizani zamitundu ngati ndalama ilipo, chifukwa fotokope yakuda imameza mawu olembedwa pamanja ndi madontho, zomwe ndi umboni wa anthu amene adaligwira bukulo.

Kope la Bodleian Library ku Oxford ndi loyenera kuyambira. Lidafika kumeneko mu 1624 n'kumangidwa ndi unyolo pashelefu monga mabuku ena a nthawiyo, kenako lidachoka m'laibulaleyo patapita zaka makumi angapo. Litaonekeranso mu 1905, anthu adasonkherana mapaundi 3,000 kuti liwomboledwe, ndipo mu 2012 adasonkhanso kuti likonzedwe ndi kujambulidwa. Popeza lidakhala zaka zambiri pamalo pamene ophunzira ankaliwerenga, kutha kwa masamba ake kumaonetsa zimene ankakonda. Gawani gulu pawiri, ena muwapatse zithunzi za masamba a King John, ena za Romeo and Juliet, awerenge ngodya zong'ambika ndi madontho pa tsamba lililonse. A King John amamaliza msanga, chifukwa masamba awo ali pafupifupi atsopano, pamene a Romeo and Juliet ndi operepeseka ndi zala za ophunzira a m'ma 1600.